Mbale Imene Alamu Sanaigogode

Alamu anga a Hillegond anajambula pa mbale zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo mbale imene anailandira osaigogoda ndi imodzi yokha. Imeneyo ndi imene inatsala pang'ono kupasula ukwati wa mwana wawo. Ine ndine Wessel, mng'ono wa malemu amuna awo. Ndinali wosonkha moto pa ng'anjo yathu kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa ngalande ku Jordaan, muno mu Amsterdam. Nkhaniyi ndikuidziwa bwino chifukwa maganizo oipa onse amene ali m'menemo anachokera kwa ine.

Ntchito yathu anthu ankaiseka. Zombo zinkabwera ndi mbale za ku China zosawerengeka, zoyera mbee, zojambulidwa ndi buluu yekhayekha: timilatho, timitengo, tianthu tikuwedza nsomba. Makolo athu ankazigwadira mbale zimenezi. Koma pofika nthawi yathu buluu anali atakwana aliyense, wantchito wa m'khitchini yemwe ankadyera m'mbale ya ku China, ndiye azimayi a m'nyumba zitalizitali anayamba kufuna zofiira, zobiriwira ndi golide. Amalonda ankatibweretsera madengu a mbale zokanika kugulika, alamu n'kupaka maluwa ndi mbalame pamwamba pa ntchito ya eni ake, ine n'kuziwotchanso kuti utoto ugwire. Ndisabise, nthawi zambiri duwa linkagwera pamene pali chilema. Pakakhala kadontho kakuda, kapena pamene buluu anayenderera, apo ndi pamene pankamera duwa lalikulu. Mzinda wonse unkadziwa, n'chifukwa chake ankatitchula kuti obisa zipsera.

Alamu anakulira ku nyumba ya ana amasiye. Bambo athu anawatenga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi kuti azipera utoto pamwala, ndipo sanachokenso panyumbapo. Anakwatiwa ndi achimwene anga a Harmen, amene chifuwa chinawatenga pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Swaantje, anali ndi zaka zinayi. Kuyambira pamenepo tinatsala awiri pa ntchito, iwo pa burashi, ine pa nkhuni. Burashi ankaisongola ndi milomo, moti m'mbali mwa pakamwa pawo munkakhala mofiira ngakhale Lamulungu, ndipo mano awo anada. Anali mayi wamng'ono thupi, wa manja osanjenjemera, koma wa mtima wosakhazikika. Ankada nkhawa ndi mphepo, ndi madzi a m'ngalande, ndi chifuwa cha mwana wa eni ake. Tsiku lowotcha mbale sankadya. Ankangozungulira ng'anjo ngati nkhuku yofuna poikira.

"Alamu, motowo sunapitirire?" ankandifunsa.

"Alamu, munayamba liti kusonkha moto inu? Pitani mukapake mbalame zanu za miyendo itatu zija."

"Mbalame zanga ndi zimene zimakugulirani fodya. Chotsani chikuni chimodzi."

Ndinkachotsa. Nthawi zambiri ankalondola, ndipo zimenezo zinkandinyansa.

Lamulo lawo lalikulu linali logogoda. Mbale ya ku China ikakhala yathunthu, ukaigogoda ndi chala imalira ngwee, mawu n'kupitirira mpaka utatopa kumvetsera. Ikakhala ndi mng'alu, ngakhale wosaoneka ndi maso, imangoti phu. Mbale yotero sulowa nayo m'ng'anjo, chifukwa moto umaupeza mng'aluwo ndipo mbale imatuluka ili pawiri. Koma kugogoda kokha sikukwanira. Umagogoda mwini wake ali pomwepo, akumva ndi makutu ake, chifukwa akangotuluka pakhomo mng'alu uliwonse ndi wako. Alamu anagogodapo makapu a abusa pamaso pa abusawo, limodzilimodzi, makapu khumi ndi awiri, abusa ataima chipewa chili m'manja. Sankaopa nkhope ya munthu pa nkhani imeneyi.

Swaantje atakula anakondana ndi Reinier, mnyamata wosoka matanga a zombo, wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukamufunsa kanthu ankayamba waganiza ngati ukumufunsa za kumwamba. Vuto silinali iye koma amayi ake, Mayi Aleid, amasiye, eni sitolo ya tiyi, a mpando wa kutsogolo m'tchalitchi. Anavomera ukwatiwo mokokedwa, ndipo anali atauza kale theka la msewu wawo kuti mwana wawo akukwatira kwa opaka mbale. Alamu anazimva. Anangoyamba kutsuka milomo ndi mchere asanatuluke panja.

Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, Lolemba m'mawa, tinamva odi. Anali Mayi Aleid, atafungatira chinthu chokulunga m'shawelo. Sanafikepo kwathu chiyambire.

"Ndiye muno ndi mmene mumagwirira ntchito?" anafunsa, mphuno atakwinya. "Fungo limeneli mumagona nalo?"

"Tinazolowera, mayi," anatero alamu. "Khalani apa, mpandowu ulibe utoto."

Sanakhale. Anavundukula shawelo paja patebulo, n'kutulutsa mbale yaikulu yakuya, ya buluu wozama bwino, ya kamunthu kowedza pamlatho.

"Iyi anabwera nayo bambo ake a Reinier paulendo womaliza umene anabwerako. Ulendo wotsatira nyanja inawasunga. Ndikufuna mulembe maina a anawa, mujambule chombo mbali iyi, ndipo mbali inayi maluwa. Maluwa ambiri, kuyambira pamlomo apa kutsika mpaka pansi, m'kati ndi kunja komwe." Analoza ndi chala osaikhudza. "Tsiku la ukwati mowa wa burande wothira mphesa zouma udzazungulira m'menemu. Bambo ake sadzakhalapo, mbaleyi ndiyo idzakhale m'malo mwawo. Ndipo ndikuuzeni poyera, mayi, kuti tisadzadane pambuyo. Ikapanda kufika patebulo ili yathunthu, musavutike kuphika. Anthu olephera kusunga mbale milungu itatu sindingawapatse mwana wanga."

Alamu ananyamula mbale ija pa dzanja lamanzere. Ndinaona chala chawo chapakati chikupindika monga mwa masiku onse, chikukwera.

"Musaimenye!" anakuwa Mayi Aleid. "Si ng'oma imeneyo."

Chala chija chinaima m'malere. Ine ndinatsokomola dala, kawiri. Alamu anandiyang'ana, anayang'ana mayi aja ndi magolovesi awo, kenaka anayang'ana kudenga, kumene Swaantje ankaimba akusoka diresi lake. Chala chinatsika. Mayi amene anaimika abusa pakhomo anati, "Pepani mayi, ndi chizolowezi chabe. Tiisamala."

Mlendo atangotuluka, alamu anatseka chitseko, anapukuta manja, n'kugogoda.

Phu.

Anagogoda mbali ina. Phu. Tinapita nayo pazenera, ndipo titaipendeka padzuwa tinauona, mng'alu wochepa ngati tsitsi, kuchokera pamlomo mpaka pansi, pamalo enieni amene anatiuza kuti pakhale maluwa.

"Watitchera msampha mayi ameneyu," ndinatero. "Ukwatiwu sakuufuna. Akufuna tiiswe ndife kuti akhale ndi ponenera."

"Tsitsani mawu, mwana amva."

"Thamangani mukawabwezere asanafike pamlatho!"

"Ndikanene kuti chiyani? Yatuluka m'manja mwawo ili bwino, yalowa mwanga yang'aluka. Ndani angakhulupirire wobisa zipsera, n'kusiya mayi wa mpando wa kutsogolo? Sindinagogode, alamu. Mng'aluwu ndi wanga tsopano."

Anakhala pansi pa mpando umene mlendo anaukana, mbale ili pamiyendo. Sindinawaonepo ataoneka okalamba chomwecho.

Masiku awiri tinazungulira pamalo amodzi. Kuibweza kunali kuthetsa ukwati. Kuiwotcha kunali kuthetsa ukwati. Ndinati tiipake utoto wosawotcha, umene ena opanda manyazi amagwiritsa ntchito, koma alamu anandifunsa ngati ndikufuna kuti alendo onse adzatuluke milomo ili yofiira ngati yawo, chifukwa burande amasungunula utoto wotero msanga. Ndinati tiuze Swaantje. Anati ndikangoyerekeza andiponya m'ngalande. Ndipo Lachitatu, ndikuwaza nkhuni, Satana anandinong'oneza nzeru imene ndinaiona ngati yanga.

"Alamu, mbale za kamunthu kowedza zilipo zingati mumzinda muno? Zikwi. Tipeze inzake, muipake maluwa mpaka buluu asowe popumira, tiwotche. Mayi aja aidziwa bwanji?"

"Kumeneko ndi kuba."

"Tikuba chiyani? Tikuwapatsa yathunthu m'malo mwa yosweka. Akanayenera kutithokoza."

Sanavomere, koma sanandiletsenso. Ndinayenda masiku anayi m'nyumba zosungira katundu kudoko, kugwada muudzu, kufukula madengu, mawondo mpaka kutupa. Ndinapeza zazikulu pang'ono, zazing'ono pang'ono, za kamunthu koyang'ana kumanzere. Tsiku lachinayi ndinaipeza, msinkhu womwewo, mlatho womwewo, kamunthu komweko ndi mbedza yake. Ndinaigogoda pamaso pa wogulitsa, inalira ngwee, ndipo ndinathamanga nayo kunyumba ndikudzimva ngwazi.

Alamu anaziika pamodzi n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi anthu awiri," anatero. "Wojambula ya mayi aja anali wodekha. Onani, akamaliza mlatho ankapuma, burashi inauma apa asanayambe madzi. Wanuyu ndi wothamanga, ankafuna kukadya."

"Nanga mayi aja aona zimenezo?"

"Iwo ayi. Ndiziona ine."

Mbale yeniyeni anaikwirira m'bokosi la ufa, chifukwa ndi malo okhawo amene ine wa manja olemera sindinkafikako. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukanda okha buledi, ntchito imene ankadana nayo moyo wawo wonse. Swaantje akangoyandikira bokosi lija ankadzambatuka.

"Ndisiyire ufawo!"

"Amayi, mwatani kodi? Buledi wanu ndi wolimba ngati njerwa. Bambo aang'ono atsala pang'ono kuguluka dzino."

"Aguluke, amalankhula kwambiri. Pita ukasoke."

Mwanayo ankaseka n'kukwera masitepe akuimba. Nyimbo imeneyo inkandilasa mumtima kuposa kulira.

Masiku asanu ndi anayi alamu anakhala pa mbale yachiwiri ija. Utoto wathu usanapse suoneka mtundu wake. Wofiirira umaoneka ngati matope, golide amakhala wakuda bii, ndiye wojambula amapaka zimene zili m'mutu mwake, osati zimene maso akuona. Ankayamba kukangoyera, kuleka dzuwa likapendeka, chakudya n'kumangochitosa. Siketi inayamba kuwazungulira m'chiuno. Munthu akagogoda pakhomo ankavundikira mbale ndi nsalu asanafunse kuti ndani. Ine ndinkanamizira kulimba mtima, koma fodya sankandikomanso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Reinier anandipeza pa mulu wa nkhuni. Anaima, chipewa akuchizunguza m'manja.

"Bambo, ndifunseko. Mbale iliyonse imene mwapaka imalowa pamoto?"

"Iliyonse."

"Ngakhale yakale?"

"Iwe, wabwera kudzakwatira kapena kudzandiphunzitsa ntchito? Ine ndimabwera kwanu kudzakufunsa mmene umalowetsera ulusi pasingano?"

Anaima pang'ono, pakamwa anatsegula, n'kutsekanso. Kenaka anati, "Musamale nayo, bambo," n'kumapita. Ndinalowa m'nyumba thukuta lili kamukamu, ndikuuza alamu kuti mayi aja atumiza kazitape kudzaona ngati msampha wafwamphuka. Alamu anaika burashi pansi tsamba lili pakatikati, chinthu chimene sindinachionepo. Kenaka anaitolanso, n'kupitiriza tsamba limene anasiya.

Tsiku lowotcha sanandifunse za moto ngakhale kamodzi. Anangokhala pa chitsa, manja ali m'khwapa, maso pa ng'anjo. Ndikanakonda akanandivutitsa ngati kale. Ng'anjo itazirala mawa lake ndinatsegula, ndipo mbale inatuluka yathunthu. Alamu atakwecha golide ndi kamwala kawo kosalala, zonse zinaonekera. Chombo chinali ndi zingwe zake zonse. Maina awiri aja analukana ndi nthambi, ndipo maluwa anatsika kuchokera pamlomo ngati akugwa okha. Pa zaka zonse zimene ndinawotcha ntchito yawo, sindinatulutsepo chinthu chokongola chotero.

"Alamu, apa mwajambula," ndinatero. "Tapulumuka."

"Ntchito yabwino yonseyi, ya bodza," anayankha, n'kupita kukasamba m'manja.

Tinakapereka Lachinayi masana, kutatsala masiku anayi. Dengu ananyamula okha. Ndinati ndiwathandize pokwera milatho, anakana, ndipo ndinadabwa kuti mbale imodzi ikuwapendeketsa chotero. Mayi Aleid anatilandirira m'chipinda chapamwamba pa sitolo yawo. Pa shelefu yapamwamba kwambiri, pafupi ndi denga, panali malo opanda kanthu. Sanatipatse tiyi, ngakhale nyumba yonse inkanunkhira tiyi.

Alamu anatulutsa mbale yopaka ija n'kuiika patebulo. Ine ndinkayembekeza kuti mayiwo ayamba ndi maina kapena chombo. Ayi. Anaitembenuza msanga kufika mbali ya maluwa, analowetsa chikhadabo m'kati n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati akufuna kanthu kamene anataya. Anapita nayo pazenera, anaipendeka padzuwa. Kenaka mayi amene anatiletsa kumenya mbale yawo anaigogoda okha ndi mphete.

Ngweee.

Mawuwo anadzaza chipinda chonse. Nkhope ya Mayi Aleid inayera. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo atalankhula, mawu awo sanali a mayi wa mpando wa kutsogolo. Anali a mwana wofunsa chinthu chimene akuopa yankho lake.

"Kodi... moto uja umalumikiza?"

Ine ndinaona khomo latseguka, ndinalowapo ndi miyendo yonse iwiri.

"Kwambiri, mayi! Moto wathu ndi wamphamvu, umatseka zonse. Nthawi zambiri timati tikatulutsa..."

"Alamu, tsekani pakamwa."

Ananena motsitsa, osandiyang'ana. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Panangofunika mawu amodzi, eya, ndipo Swaantje akanakwatiwa Lolemba, mayi aja akanagona ndi mtendere, aliyense n'kupita kumanda osadziwa kanthu. Mpaka lero ndimati ndikanakhala ine ndikanati eya.

"Ayi, mayi," anatero alamu. "Moto sulumikiza. Ukapeza mng'alu umautsegula."

Anawerama, anafukula udzu pansi pa dengu, n'kutulutsa mbale yeniyeni, ya buluu wake yekha, ufa udakali kunsi kwake. Anaiika pambali pa inzake. Anapinda chala, n'kuyang'ana Mayi Aleid m'maso.

"Izi ndinayenera kuchita tsiku lija, inu muli pomwepo. Ndinachita mantha."

Phu.

"Yokongolayi si yanu. Tinaigula kudoko kuti tikunamizeni, ndipo ndinaipaka ndine. Ngati mukuthetsa ukwati, thetsani chifukwa cha bodza limenelo, ndikauza mwana wanga ndekha. Koma mbale yanu sindinaiswe, ndipo sindikanalola kuti moto uiswe."

Pansi m'sitolo belu la pakhomo linalira, munthu analowa, anagula, anatuluka. Ine ndinali nditayamba kale kuona diresi la Swaantje likupindidwa kulowa m'bokosi, ndipo ndinakwiya ndi alamu mpaka makutu kutentha. Ndinati mumtima, mayi uyu wagulitsa mwana wake chifukwa cha kachala kake kogogodako.

Mayi Aleid anakhala pampando pang'onopang'ono. Anavula magolovesi, anakokera mbale yakale ija pafupi, n'kuika chala pamng'alu osafunafuna.

"Ndinaiswa ndine," anatero.

"Tsiku limene anabwera munthu wa kudoko ndi bokosi la bambo ake a Reinier, kudzandiuza za imfa yawo. Inali m'manja mwanga, ndinkaitsuka. Atatuluka ndinaimenyetsa pa tebulo lomweli. Ndinakwiyira amuna anga. Ndinawauza kuti asapitenso, iwo n'kupita, kundisiya ndi mwana wa zaka zisanu. Mawa lake ndinaikweza pamwamba apo, mng'alu kuloza kukhoma, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu palibe amene waikhudza koma ine. Chaka ndi chaka ndimamuuza Reinier kuti, ona, bambo ako anaoloka nayo nyanja zonse zija osaikanda ngakhale pang'ono, anali munthu wotero. Ndiye ndimuuze kuti zimene nyanja inalephera anachita ndi amayi ake?" Anapukuta mphuno ndi golovesi. "Ndinamva kuti inu mumabisa zipsera. Sindinadziwe kuti moto ungaimalize."

"Timabisa za pamwamba, mayi. Zolowa m'kati sitizitha."

"Ndinakuopsezani chifukwa ndinkaopa. Ndikanakuuzani, mukanandiseka ndi msewu wanu wonse."

"Ine ndiseke ndi mano awa?" anatero alamu.

Mayi Aleid anatulutsa kamawu kosadziwika ngati kuseka kapena kulira. Anayang'ana mbale ziwiri zija, yonyezimira ndi yosweka, nthawi yaitali.

"Yokongolayi bambo ake sanaigwirepo," anatero. "Ndiye titani, asewere?"

Aka kanali koyamba kuwatchula choncho. Ine ndinakhala pansi osauzidwa, pa bokosi la tiyi.

Alamu anali ataganiza kale, monga mwa nthawi zonse. Anati mbale yakaleyo isunga burande bola ikhale yosadzaza ndiponso igwiridwe ndi manja awiri, koma izidontha pang'ono. Anati anthu auzidwe kuti wopaka mbale wakana yekha kukwirira buluu wabwino chotero, ndipo limenelo silinali bodza lonse. Anati m'malo moti mbale iyende dzanja ndi dzanja, azimayi awiriwo aizungulitse okha kwa alendo, aliyense azingotunga ndi supuni.

"Inu chala chachikulu apa, pamlomo, chikhatho chiphimbe kunjaku. Ine ndigwira mbali inayi. Mphesa zikachuluka, mng'alu wa m'katimo suoneka. Alamu, katungeni madzi tiyesere."

Ndinatunga. Azimayi awiri akuluakulu anazungulira tebulo kasanu ndi mbale ya madzi, akukangana za amene akufulumira, ine ndikukhala alendo onse. Panatsala chinthu chimodzi chimene tonse tinachidziwa koma palibe anachitchula. Pomaliza penipeni mkwati amalandira mbale ndi manja ake kuti amwetse mkazi wake, ndipo pamenepo palibe mayi angamugwirire.

Alamu anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, chifuwa chomwe chija n'kuwatenga. Anajambula mpaka mwezi womaliza, ndipo anagogoda mbale iliyonse pamaso pa mwini wake, ngakhale kakapu ka mdzukulu wawo. Mbale yokongola ija anakana kuigulitsa, anakananso kuiika poonekera. Ili kwa ine, ndimasungiramo fodya. Koma ndikawakumbukira sindiwaona pa burashi ayi. Ndimawaona Lolemba lija masana, pa ukwati.

Nyumba inadzaza. Azimayi awiri aja anayamba kuzungulira ndi mbale, phewa ndi phewa, wamtali wa magolovesi atawavula tsiku limenelo, ndi wamfupi wa milomo yofiira. Anthu ankanong'onezana kuti wopaka mbale wamudyetsa chiyani wa tiyi. Ine za pa supuni yanga ndinazimeza osamva kukoma, maso ali pa dzanja la Mayi Aleid. Ndinaona kadontho kakutuluka pansi pa chikhatho chawo, kakutsetsereka pamkono, n'kulowa m'malaya. Kenaka kena. Alamu ankayenda pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga mapazi. Anadutsa abusa, anadutsa amalume a mkwati, anadutsa osoka matanga anzake amene ankafuna kutunga kawiri.

Anafika kwa Reinier. Iye anaimirira, Swaantje ali pambali pake akumwetulira, osadziwa kanthu. Alamu anachotsa manja awo. Mayi Aleid sanachotse. Anaima chilili, mbale ataikumbatira, anthu n'kuyamba kuseka kuti mayi akukaniza mowa.

Reinier sanayang'ane mbale. Anayang'ana amayi ake, anatambasula manja, n'kulowetsa chala chake chachikulu pansi pa chala chawo, pamlomo penipeni pamene mng'alu unayambira. Chikhatho chake chinaphimba kunja, dzanja lina linagwira kunsi, mosaphonya, ngati munthu amene wachita zimenezo kambirimbiri. Ndinali pafupi, ndinamva zimene ananena motsitsa.

"Siyani amayi, ndaigwira. Ndinkakwera pampando mukapita kumsika."

Anatembenuka n'kumwetsa mkazi wake, anthu n'kuwomba m'manja.

Mayi Aleid anatsala manja ali m'malere, akudontha burande, akuyang'ana msana wa mwana wawo. Alamu anatulutsa kansalu m'thumba, anagwira manja aja, n'kuyamba kuwapukuta chala chimodzichimodzi.